Timiyala Tinayi ta Eneles

Eneles ankadana nalo tsiku Loweruka, ndipo chifukwa chake chinali mphika umodzi.

Mphikawo unali waukulu, wakuda bii, woti mwana akhoza kubisalamo. Unkakhala pa mafuwa pakati pa mzere wa nyumba zaudzu, kuseri kwa munda wa tiyi wa mzungu wina, kufupi ndi mtsinje wa Muloza. Chinali chaka cha 1911. Onse okhala mumzeremo anali Alomwe ochokera kutsidya, amene anathawa asilikali a Apwitikizi n'kuwoloka mtsinje mikeka ili pamutu. Kuno anapatsidwa pomanga ndi polima pang'ono, koma m'malo mwake ankagwira thangata m'munda wa mzunguyo, kuyambira belu la m'mawa mpaka belu la masana dzuwa litapendeka. Eni dziko a m'midzi yozungulira sankawatchula kuti Alomwe. Ankati Anguru, ndipo potchulapo ena ankakwinya mphuno.

Eneles anawoloka mtsinjewo ali kamwana kogwira nsalu ya amayi ake. Bambo ake anatsala kutsidya, m'manda. Iye anakulira kuno, Chimang'anja n'kumukhala pakamwa ngati anabadwa nacho. Dzina loti Eneles analitenga ku kalasi ya mishoni. Chilomwe ankachimva chonse, koma anasiya kuchiyankhula. Amayi ake akamufunsa kanthu m'Chilomwe, iye ankayankha m'Chimang'anja, maso ali kumbali.

Mumphika uja munkaphikidwa kalongonda, nyemba zikuluzikulu zimene mbewu yake anthuwa anabwera nayo atamanga pa mfundo ya nsalu. Kalongonda amakhutitsa. Munthu akadya m'mawa amafika masana khasu lili m'manja. Koma ali ndi ululu. Ukamuphika mothamanga amakuzunguza mutu, amakusanzitsa, ena mpaka amayamba kuseka okha pabwalo. N'chifukwa chake amafuna madzi kasanu ndi kawiri: kuwiritsa, kukataya madzi akudawo kutali ndi nkhuku, kuthira ena, kuwiritsanso. Ndipo ali ndi chinyengo, pakuti amafewa msanga, pa madzi achitatu, pamene ululu wake umachoka kumapeto kwenikweni.

Nkhuni za tsiku lonse panalibe nyumba imodzi ikadazikwanitsa, choncho mzere wonse unkasonkha. Lachisanu madzulo nyumba iliyonse inkabweretsa lichero la kalongonda ndi mtolo wa nkhuni. Loweruka mkazi mmodzi ankatsala kulonda mphika, anzake n'kumulimira ndime yake. Pambali pa mafuwa panali mwala wathyathyathya, ndipo wolondayo akataya madzi ankaikapo kamwala kamodzi. Wodutsa aliyense ankangoponyapo diso. Timiyala tikakwana tisanu ndi tiwiri, ndiye kuti wapsa. Tikakhala tosakwana, moto n'kumazilala, unkasonkhezera ngakhale silinali tsiku lako. Panalibe wofunsa mnzake. Timiyala tinkanena tokha, ndipo chiyambire tinali tisananamepo.

Tsono panali Pilato.

Pilato anali Mmang'anja, mmisiri wa matabwa amene anaphunzira macheka ku Likhubula. Anabwera kudzakhoma zitseko za shedi yatsopano ya tiyi, ndipo ankagona kwa achemwali ake, a Lines, amene anakwatiwa m'mudzi wa kuseri kwa mundawo. Akadutsa ankasiya fungo la mkungudza m'njira. Eneles analimva fungolo tsiku lina potuluka m'tchalitchi, n'kucheuka, n'kupeza mwini wake akumuyang'ana kale. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse ankayenda limodzi mpaka pa mlatho wa mitengo, pang'onopang'ono ngati njirayo ili ndi minga. Usiku ndi usana Eneles ankaona nyumba ya chitseko cha thabwa, ya zenera lotsekula, iye atakhala pakhonde akusoka, phiri lili buluu kumbuyo kwake. M'maloto amenewo munalibe mphika wakuda.

Tsiku lina ali panjira yomweyo, anzake a Pilato amene ankayenda patsogolo anayamba kuseka za Anguru, kuti amadya njoka, amadya nyemba zamisala. Pilato sanaseke nawo. Anangomufunsa Eneles motsitsa mawu kuti, “Kodi kalongonda ameneyu, inunso mumadya?”

“Ine?” anatero Eneles. “Sindinalawepo. Fungo lake lokha limandinyansa.”

Pilato anamuyang'ana, n'kumwetulira. Eneles anali atadya mbale yodzaza m'mawa womwewo.

Patapita milungu iwiri Pilato anaima pa mlatho paja n'kuvula chipewa. “Loweruka likubwerali achemwali anga abwera kudzakuonani pakhomo, dzuwa likangodutsa pamutu. Ife amayi anatisiya kale. Chimene akanene achemwali, amalume amva chomwecho. Akakati inde, amalume abwera kudzafunsira. Akakati ayi, ine ndilibe pakamwa.”

Eneles anathamanga njira yonse, mtima uli m'mwamba. Atafika pakhomo m'pamene anakumbukira. Loweruka limenelo linali tsiku la nyumba yawo kulonda mphika.

Lachisanu madzulo akazi a mumzere anakhala mozungulira malichero, akusenda makoko a kalongonda wonyika. Panali phokoso ngati la mbalame m'mapira. Wina ankapempha mchere pang'ono, wina ankanena za kapitawo amene anagwa m'ngalande akuthamangitsa mbuzi. A Janeti, oyandikana nawo nyumba, amene sankapita kumunda chifukwa anali ndi khanda la milungu itatu, ndiwo ankatsogolera nthabwala.

“Eneles, wamacheka uja akakutenga udzatipatseko utuchi, tizidzakoleza moto.”

“Utuchi wokha? Ine ndikufuna chitseko!”

“Chitseko cha chiyani iwe, m'nyumba mwako wakuba angabemo chiyani? Nsikidzi?”

Onse anaseka mpaka kugwirana mapewa. Eneles anasendera kwa amayi ake n'kunong'ona. “Amayi, bwanji tisinthane tsiku ndi nyumba ina? Kapena tiphike Lolemba.”

“Lolemba atilimira ndani?” anayankha amayi ake m'Chilomwe, manja osasiya kusenda. “Mlendo akubwera tsiku la chakudya, iwe ukuti tisunthe chakudyacho? Utsale ndiwe. Ulonde mphika, ulandire mlendo. Ine ndipita kumunda.”

M'mawa belu litalira, mzere unatsala zii. Eneles anakoleza moto, anathira madzi oyamba, n'kuyamba zake. Anasesa bwalo kawiri. Anazira pakhonde ndi dothi lofiira, n'kujambula timizere ndi chala m'mphepete. Anaphika mbatata m'kamphika kakang'ono, anasefa thobwa la mapira n'kuliika m'chipanda chatsopano, chakudya choti munthu wa kumudzi sangachinyoze. Pakati pa zonsezo ankaima, tsache lili m'manja, n'kumayeseza moni. “Mwayenda bwanji, achemwali?” Ayi, mawu akwera kwambiri. “Takulandirani, achemwali.” Akamakumbukira mphika, ankapeza moto utazilala, madzi atasiya kubwata. Ankakoleza mokwiya, n'kuyambanso kulota.

Dzuwa linafika pamutu pamwala paja pali timiyala titatu tokha. Wolonda wakhama akadakhala pa kachisanu.

Anayang'ana manja ake. Madzi a kalongonda anali atalowa m'zikhadabo, bii. Anayang'ana mphika uja uli pakati penipeni pa bwalo, thovu lakuda likusefukira m'mbali, fungo lake litadzaza mzere wonse. A Lines akangotulukira pa nthochi ya kumapeto kwa mzere, choyamba kuona chidzakhala chimenechi. Adzakafika kwawo n'kukanena kuti, achimwene, mtsikana wanu uja ndam'peza akutakasa nyemba zamisala. Ndipo Pilato adzakumbukira mawu aja, oti sindinalawepo.

Eneles anasolola nkhuni zonse pamoto, anavundikira mphika ndi lichero, n'kuthamangira kumtsinje kukatsuka manja ndi mchenga. Anatsuka mpaka khungu kuwawa. Pobwerako anapeza moto uli lawilawi, mphika ukubwata mosangalala, a Janeti ataima pambali khanda lili paphewa.

“Ndaona timiyala titatu, moto uli zii,” anatero a Janeti. “Ndati mwana wathu wapita kukadzikongoletsa, ndimuthandize. Koma fulumira, mwana iwe, watsalira kwambiri. Ine ndikagoneke uyu, maso anga akulemera.”

Analowa m'nyumba mwawo. Eneles anatsala ataima, misozi ya ukali ili m'maso. Mumzere uno mphika wosapsa sukadachoka pamoto. Aliyense wodutsa akadaubwezera. Njira inali imodzi yokha.

Anadikira mpaka dzuwa litapendeka pang'ono. Kenako anawerama, anatola timiyala tinayi pansi pa nthochi, n'kutiika pamwala paja, kamodzikamodzi, mosachita phokoso. Tisanu ndi tiwiri. Mumtima ankati, si bodza lenileni ili. Mlendo akangopita, belu lisanalire, ndichotsa timiyalati n'kubwezera mphika pamoto. Anthu adya mochedwa, basi.

Anataya madzi, n'kukagogoda kwa a Janeti kuti amuthandize kunyamula. A Janeti anatuluka akutikita m'maso, anayang'ana pamwala, n'kuyasamula. “Ii, ndagona chonchi? Wagwira ntchito, mwana iwe.” Anagwira mbali imodzi ndi sanza, Eneles mbali ina, n'kukauika mphikawo m'nyumba, kuseri kwa chitseko cha bango. Eneles anaufunditsa mkeka. Anakwirira phulusa, anasesanso, anavala nsalu yake ya Lamulungu, n'kukhala pakhonde miyendo ataitambasula bwino.

Anadikira. Mthunzi wa nthochi unatalika. Mlendo osaoneka. Anaimirira, anakhala, anakasuzumira kunjira, anabwerera. Kenako belu la kumunda linalira, timiyala tinayi tija tikadali pamwala.

Anatulukira onse pamodzi: akazi a mumzere makasu ali paphewa, amuna kumbuyo, ndipo pakati pawo amayi ake atagwira mkono mayi wina wamtali, woyenda pang'onopang'ono dzanja lili m'chiuno. Mayiyo anali ndi pakati, mimba yaikulu ya miyezi yomaliza.

“Tawapeza atakhala pa chitsa, akupuma,” anatero amayi ake m'Chimang'anja chawo chokhotakhota, chimene Eneles ankachita nacho manyazi masiku onse. “Akuti akufuna kwa Eneles. Ndati Eneles wake ndinabala ndine.”

“Pepani ndachedwa,” anatero a Lines akukhala pamkeka ndi kubuula. “Katundu uyu samva zoti pali ulendo. Ndiwe Eneles? Tayandikira ndikuone. Eee. Achimwene sananame, maso alipo.”

Eneles anagwada, anapereka moni, mawu onse amene anayeseza atamuthawa. Anabweretsa madzi osamba m'manja, mbatata ndi thobwa. A Lines anamwa thobwa pang'ono, anayamika, koma mbatata anangoziyang'ana. Kenako ananunkhiza m'mwamba, n'kuseka mwamanyazi.

“Amayi, mundikhululukire, mlendo sapempha. Koma mbatata kwathu ziliko. Ine mwana ali m'mimbayu wandivutitsa miyezi iwiri ndi chinthu chimodzi, ndipo fungo lake ndalimva ndili pa nthochi apo. Kodi kalongonda mulibe?”

Akazi amene anaima chapafupi anaseka modabwa. “Inu a kumudzi mumadya kalongonda?” anafunsa a Janeti.

“Ena amanyoza masana n'kumapempha madzulo,” anatero a Lines. “Ife chaka cha njala chija, amayi atangomwalira, anatisunga ndi mayi wina wa kwanu, amene anamanga kuseri kwa mudzi wathu. Tsiku lililonse kambale ka kalongonda. Achimwene a Pilato ankadya mpaka mimba kuti ndi, n'kumanyambita mbale. Mpaka lero akamva fungo lake amaiwala macheka.”

Eneles anamva nkhope yake ikutentha ngati wayandikira ng'anjo. Ndiye kuti Pilato pofunsa tsiku lija sankamuyesa. Ankafuna kumva kuti inde.

Amayi a Eneles anali atayang'ana kale pamwala paja. Anawerenga ndi chibwano, n'kugwedeza mutu mokhutira. “Wapsa. Mwana wanga wafulumira lero. Uli kuti mphika?”

“M'nyumba,” anatero a Janeti. “Tanyamula tonse.”

Zinthu zinayenda mofulumira kuposa maganizo a Eneles. Mphika unatulutsidwa. Akazi anathamangira m'nyumba zawo kukatenga mbale. Amayi ake anapakula mbale yoyamba, ya mtengo, anawaza mchere umene analandira kumunda sabata imeneyo mosaumira, n'kuiika patsogolo pa mlendo.

“Wophika alawe,” anatero, monga mwa mwambo.

Eneles anatola nyemba imodzi n'kuika m'kamwa. Inali yofewa, yokoma, yosasiyana ndi ya masiku onse. Palibe akadadziwa. Anameza. Mwina katatu n'kokwanira, anaganiza. Mwina akadya pang'ono sizichitika. Mwina mutu udzawapweteka ali kwawo, n'kuganiza kuti ndi dzuwa la panjira. Koma anakumbukira bambo wina wa mzere wachiwiri amene anaba kalongonda pa madzi achinayi, momwe anakwawira pabwalo akusanza, akuitana anthu amene anafa kale. Ameneyo anali mwamuna wamphamvu, wopanda mwana m'mimba.

A Lines anapukuta manja pa nsalu. Anatapa nyemba zodzaza dzanja, anatseka maso ngati munthu wofika pamadzi atayenda tsiku lonse, n'kukweza dzanjalo.

“Muhilye!”

Mawuwo anatuluka okha, m'Chilomwe, mokuwa, kuti musadye. Dzanja la Eneles linamenya dzanja la mlendo, nyemba n'kumwazika pamkeka ndi pafumbi. Nkhuku zinathamangira. A Janeti, osadziwa n'komwe chifukwa chake, anazithamangitsa ndi phazi, pakuti mawu amenewo mumzeremo sankanenedwa mwamasewera.

Akazi anaima mbale zili m'manja. Mwana wina amene anali atatambasula dzanja kumphika anakokedwa ndi amake.

“Sanapse,” anatero Eneles. Mawu ake anali aang'ono. “Madzi sanakwane.”

Amayi ake anapita pamwala paja n'kuwerenganso, ulendo uno ndi chala. “Pali tisanu ndi tiwiri.”

“Ndinaika ndine.”

“Tenitenito ndi tingati?”

“Titatu.”

Wina anati “Mayo!” chapansipansi. A Janeti anayang'ana manja awo. “Ndanyamula nawe ndi manja angawa,” anatero. “Ndikadadya ine, uyu akadayamwa chiyani? Mzere wonsewu, ana onsewa, Eneles?”

“Ndimati ndibwezera pamoto mlendo akapita.”

“Nanga unachotseranji?” anafunsa amayi ake. Sanakweze mawu. Zikadakhala bwino akadakuwa, akadatenga mthiko n'kumumenya nawo.

Eneles anayang'ana dothi lofiira limene anazira m'mawa, ndi timizere take ta chala. “Sindimafuna kuti aone. Ndimachita manyazi.”

“Manyazi ndi mphika,” anatero amayi ake, “kapena ndi ine?”

Eneles anafuna nthaka itseguke, anafuna mtsinje wa Muloza usefukire n'kumutenga kubwerera naye kutsidya kumene sankakukumbukira n'komwe. Anangogwada pomwepo, nsalu yake ya Lamulungu ili mufumbi, anthu makumi atatu akumuyang'ana pamutu.

A Lines anadzuka movutikira, atagwira mzati wa khonde. Anayenda mpaka pamwala paja, anawerama mbali imodzi monga amachitira amayi apakati, n'kutola timiyala tinayi. Anatimanga pa mfundo ya nsalu yawo.

“Ndinatumidwa kudzaona,” anatero. “Ndaona ziwiri. Ndaona amene anaika iti, ndaonanso amene wandimenya dzanja. Ndikanena zonse ziwiri, sindichotsapo, sindiwonjezerapo.” Anatembenukira kwa amayi a Eneles. “Amayi, zikomo chifukwa cha thobwa. Mwandilandira bwino inu.”

Amayi a Eneles anawaperekeza mpaka pa nthochi. Akazi anabwezera mphika pamafuwa. Tsiku limenelo mzere unadya makaka a chinangwa okazinga ndi chigwada, ana akulira kuti analonjezedwa kalongonda. Eneles atatambasula dzanja kuti asonkhezere moto, a Janeti anasuntha mtolo wa nkhuni ndi phazi, n'kuuika mbali ina.

Sabata imeneyo inali yaitali kuposa chaka. Palibe anamutukwana. Kumunda ankamupatsa moni, kumtsinje ankamusendera malo. Koma mkazi aliyense akamadutsa pamwala paja, ngakhale panalibe mphika, ankapayang'ana kenako n'kuyang'ana iye. Ana anayamba kumuitana kuti Namiyala. Lamulungu sanapite kutchalitchi. Anamva kuti Pilato anaima pa mlatho kanthawi, kenako anapita. Amayi ake ankamupakulira chakudya monga kale, koma anasiya kumuyankhula m'Chilomwe. Ankamuyankhula m'Chimang'anja chawo chothyokathyoka, mwaulemu, ngati mlendo. Chimenechi ndicho chinkamupweteka koposa.

Lachisanu akusenda makoko, a Janeti ananena osamuyang'ana. “Tagwirizana. Mawa ulondanso ndiwe, poti tsiku lako unaliwononga. Ine ndikhala pomwepo. Kamwala uzikaika ine ndikuona.”

Loweruka Eneles sanasese, sanazire, sanavale nsalu ya Lamulungu. Anakhala pa chitsa pambali pa mafuwa, utsi ukumulowa m'maso. Anaona zimene anali asanaziyang'anitsitsepo: madzi oyamba akuda ngati makala, achitatu ngati dothi la kudambo, achisanu ngati thobwa losungunula. Ulendo uliwonse ankasenza mtsuko wa madzi otentha kukataya kudzenje, n'kubwerera, n'kuonetsa kamwala kwa a Janeti asanakaike. Anthu a kumudzi odutsa m'njira ankamuona, ena ankagwira mphuno. Iye ankaweramitsa mutu, koma sanachoke.

Belu linalira ali pa madzi omaliza. Anthu anabwera, n'kukhala m'makonde kudikira. Ndipo pakati pa fungo la utsi ndi la kalongonda Eneles anamva fungo lina. Sanacheuke. Anamva mtolo ukugwa pansi pambali pake, zidutswa za mkungudza zotsala pa zitseko.

“Zimayaka bwino izi,” anatero Pilato.

Anapita kukagwada kwa amayi a Eneles, anapereka moni kwa akuluakulu, n'kubwerera kudzakhala pa mwala chapatali pang'ono. Eneles ananyamula madzi achisanu ndi chiwiri, oyera mbee, n'kukataya. Pobwera anawerama kuti atole kamwala, koma Pilato anatambasula dzanja. M'dzanjamo munali kamwala kamodzi.

“Achemwali akuti ikani aka. Akuti tsopano kanena zoona.”

Eneles anakalandira ndi manja awiri, manja akuda mpaka m'zikhadabo. Anakaonetsa kwa a Janeti. A Janeti anagwedeza mutu movomereza. Anakaika pamwala.

“Titatu tatsala kwa iwo,” anapitiriza Pilato. “Akuti kazibwera kamodzikamodzi, tsiku lililonse limene mudzalonde mphika. Komaliza adzabwera nako amalume.”

Eneles anawerenga nyumba za mumzere m'mutu mwake. Tsiku lake linkabwera kamodzi pa milungu isanu ndi itatu. “Ndiye mpaka mvula?” Mawuwo anatuluka asanawagwire.

“Mpaka mvula,” anatero Pilato.

“Wayambanso kuthamanga,” anatero a Janeti, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo akazi anaseka. Eneles anabisa nkhope m'chigongono.

Amayi ake anapakula mbale ya mtengo ija, anawaza mchere, n'kuiika patsogolo pa Pilato. Eneles analawa monga wophika, mlendoyo akumuona akutafuna chimene anati sanalawepo. Pilato sanachikumbutse. Anangofunsa motsitsa mawu, koma osati motsitsa kwambiri.

“Mawu aja munakuwa, achemwali akulephera kuwatchula. Akuti anapulumutsa mwana wawo koma lilime lawo likukana. Amati chiyani?”

Eneles anayang'ana pansi. “Muhilye. Ndiye kuti musadye.”

“Nanga mukafuna kunena kuti idyani?”

Mzere wonse unkamvetsera. Eneles anamva manyazi, osati aja akale a mphika wakuda, koma ena, olemera, a munthu amene akupempha kulowanso m'nyumba imene anaituluka yekha.

“Mulye,” anatero.

Pilato anadya. Anadya ngati mmene achemwali ake ananenera, osayang'ana kumbali.

Eneles sanathe kukweza maso kwa amayi ake. Anangoona mapazi awo ong'ambika akuyandikira, ndi chikho cha madzi chikutsitsidwa patsogolo pake. Amayiwo anamuuza kuti akathirire mlendo madzi m'manja akamaliza, ndipo ananena m'Chilomwe. Eneles analandira chikhocho, nayankha m'chinenero chomwecho. Mawu ake anatuluka okhota, ngati a mwana wophunzira kuyankhula, moti a Janeti anaseka mpaka khanda linadzuka.